Katundu wanga wafika pati? Mmene Amazon imalondolera phukusi, ndi mmene mungawerengere zimene foni ikukuuzani

Munthu akaoda katundu pa Amazon n'kulipira, foni siichokanso m'manja. M'mawa ayang'ana, masana ayang'ana, ngakhale tulo tikadukira pakati pa usiku ayang'ananso kuti aone ngati kamzere kaja kosonyeza pamene katundu wafika kasunthako. Ambiri amakhulupirira kuti tsamba lolondolera katundu limenelo likuona phukusi lawo nthawi zonse, kulikonse kumene lili. Sizili choncho ayi. M'katoni muja mulibe GPS, mulibe kachipangizo kalikonse kotumiza uthenga. Chimene chilipo ndi lebulo yomata pamwamba, yokhala ndi timizere takuda ta barcode. Zonse zimene mumawerenga pafoni ndi mndandanda wa nthawi zimene munthu kapena makina anawerenga barcode imeneyo. Pakati pa sikani ina ndi inzake palibe amene akuliona phukusi lanu, ndipo kompyuta imangoyerekeza kumene liyenera kukhala.

Zili ngati m'bale wanu amene wakwera basi ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Akuimbirani ali pa Dedza, akuimbiraninso pa Ntcheu, kenako zii mpaka pa Zalewa. Kungokhala chete pakatipo sikutanthauza kuti basi yaima, ndipo mawu oti "tili pa Ntcheu" amene munamva ola lapitalo sakukuuzani pamene ali panopa. Akungokuuzani pamene anali nthawi imene anaimba. Munthu akamvetsa zimenezi, mtima umakhala m'malo, komanso amadziwa nthawi imene kudandaula kuli koyenera.

Amazon si imene inayambitsa nzeru yolondola katundu. Ulemu umenewo ndi wa Federal Express, imene lero timaitcha FedEx, kampani imene Fred Smith anayambitsa ndipo inayamba kuulutsa maphukusi kuchokera ku Memphis mu 1973. Smith ankanena kuti uthenga wonena za phukusi ndi wofunika mofanana ndi phukusi lenilenilo. Mu 1979 kampaniyo inakhazikitsa makompyuta otchedwa COSMOS osunga mbiri ya phukusi lililonse, mu 1986 madalaivala ake anapatsidwa kachipangizo kam'manja kowerengera barcode, ndipo mu 1994 kasitomala anayamba kutha kulemba nambala pa intaneti n'kudzionera yekha. Pamene Jeff Bezos ankayamba kugulitsa mabuku ku Seattle mu 1995, njira imeneyi inali italambulidwa kale. Kwa zaka zambiri Amazon inkangopakira katundu m'makatoni n'kumupereka kwa a positi a ku America, kwa UPS ndi kwa FedEx, ndipo nambala imene kasitomala ankalandira inali ya makampani amenewo.

Zinthu zinatembenuka pa Khirisimasi ya 2013. Maoda anachuluka kuposa mmene aliyense ankayembekezera, nyengo inaipa, ndipo mphatso zambiri zimene UPS ndi FedEx zinanyamula zinafika tsikulo litadutsa kale. Amazon inapepesa, inabweza ndalama zotumizira katundu, n'kupatsa makasitomala okhudzidwa makadi ogulira zinthu a madola 20. Kuchokera pamenepo inafulumiza ntchito yomanga njira zakezake. Mu 2015 inayambitsa Amazon Flex, pamene anthu wamba amagawa maphukusi ndi galimoto zawo. Mu 2016 inayamba kubwereka ndege zonyamula katundu. Mu 2018 inayambitsa dongosolo la timakampani ting'onoting'ono totchedwa Delivery Service Partners, timene timalemba ntchito madalaivala a maveni olembedwa dzina la Amazon. Mu 2019 mgwirizano wake ndi FedEx wonyamula katundu m'dziko la America unatha, ndipo mu 2021 inatsegula likulu la ndege zake pabwalo la Cincinnati/Northern Kentucky. Pofika 2022 Amazon inali ikufikitsa maphukusi ambiri kumakomo a anthu ku America kuposa UPS.

Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa kuti nambala zolondolera zikhale zamitundumitundu, ndipo maonekedwe a nambala amakuuzani kuti katundu wanu ali m'manja mwa ndani. Ku America, nambala yoyamba ndi zilembo TBA ndi ya galimoto za Amazon yeniyeniyo. Mukailemba patsamba la UPS kapena la positi simupeza kanthu, chifukwa makampani amenewo phukusilo sanaligwirepo. Malo oiyang'anira ndi mu akaunti yanu ya Amazon. Nambala yoyamba ndi 1Z ndi ya UPS. Ku Britain katundu wina amabwera ndi maveni a Amazon, wina ndi Royal Mail, DPD kapena Evri, ndipo tsamba la oda yanu limatchula dzina la amene wanyamula. Yambani mwawerenga dzina limenelo musanasakesake nambala pa intaneti. Palinso nambala ina imene anthu amaisokoneza ndi iyi, yomwe ndi nambala ya oda, yaitali, yogawidwa patatu ndi timizere. Imeneyo ndi ya malonda amene mwachita. Oda imodzi ikhoza kubala maphukusi atatu ochokera m'nyumba zosungiramo katundu zitatu, lililonse ndi nambala yake ndi tsiku lake.

Tsopano tiyende nalo phukusilo kuyambira pachiyambi.

Tsiku lofika limene mumaliona musanalipire n'komwe si lonjezo la munthu. Kompyuta inayang'ana keyala yanu, inaona nyumba zosungiramo katundu zimene zili ndi chinthucho, inaona nthawi imene mathiraki amanyamuka kumeneko ndi malo amene atsala m'maveni a dera lanu, n'kutulutsa tsiku. Mukangolipira, tsamba limanena kuti oda yalandiridwa, ndipo pakhoza kupita tsiku kapena masiku awiri popanda kusintha kulikonse. Anthu ambiri apa ndi pamene amayamba kukwiya. Koma kawirikawiri kompyuta imachedwetsa dala. Ngati inalonjeza Lachinayi, ndipo chinthucho chili m'tawuni yoyandikana nanu, palibe chifukwa chochitulutsira Lolemba. Imayamba ndi maoda amene thiraki yawo yatsala pang'ono kunyamuka.

M'kati mwa nyumba zimenezi katundu sasanjidwa ngati m'sitolo, kuti nsapato kwaokha, mabuku kwaokha. Wantchito amaika chinthu paliponse pamene pali mpata, n'kuwerenga barcode ya chinthucho ndi ya kachipinda kamene wachiikamo. Mswachi ukhoza kugona pamodzi ndi buku la masamu ndi chingwe chotchajira foni. Palibe munthu amene angaloweze pamtima kumene kuli chilichonse, amene akudziwa ndi kompyuta yokha. Mu 2012 Amazon inagula kampani ya maloboti ya Kiva Systems pamtengo wa madola 775 miliyoni, ndipo m'nyumba zambiri zatsopano wantchito sayendanso kukasaka katundu. Loboti lalifupi limalowa pansi pa shelefu, n'kuinyamula yonse kupita nayo pamene munthuyo waima. Iye amatola chinthu chimene kompyuta yamulozera, amachipanga sikani, n'kuchiika m'beseni lapulasitiki limene lamba woyenda amapita nalo kwa opakira. Masikani onsewa amalembedwa, koma inu simuwaona. Amazon imakuonetsani kagawo kochepa chabe ka zimene ikudziwa.

Pali malo amodzi palambapo amene ndi ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa ndi pamene nambala yanu yolondolera imabadwira. Wopakira akatseka katoni samatapo dzina lanu kapena keyala. Amamatapo ka barcode kakang'ono kopanda dzina. Katoniyo imayenda palamba n'kufika pa makina amene ogwira ntchito amawatcha SLAM. Pamenepo makina amawerenga ka barcode kaja, ndipo pansi pa lambayo pali sikelo imene imayeza kulemera kwa katoni ikuyenda. Kompyuta imadziwa kale kulemera kwa chinthu chilichonse chimene munaoda. Kulemera kukagwirizana, mkono wa makina umatsika n'kumata lebulo yokhala ndi dzina, keyala ndi nambala yolondolera, zonsezi m'kanthawi kochepa kwambiri katoni isanaime n'komwe. Kulemera kukasiyana, mwina wopakira anaiwala chinthu chimodzi kapena anaikamo ziwiri, katoniyo imakankhidwira pambali kuti munthu aitsegule. Pa makina omwewo ndi pamene kompyuta imatsimikiza njira imene phukusi liyende ndi amene alinyamule. Mawu oti "Shipped", kutanthauza kuti katundu watumizidwa, amabwera cha pamenepa, ndipo pa katundu amene Amazon ikugulitsa yokha, ndi nthawi imeneyinso pamene ndalama zimachoka pakhadi lanu.

Koma chenjerani ndi mawu amenewo ngati wogulitsa si Amazon. Zinthu zoposa theka zimene zimagulidwa patsambali ndi za amalonda ena amene amangogwiritsa ntchito msikawo. Ena mwa iwo amasungitsa katundu wawo m'nyumba za Amazon, kudzera m'dongosolo la Fulfillment by Amazon limene linayamba mu 2006, ndipo phukusi lawo limayenda monga tafotokozeramu. Ena amasunga okha katundu n'kumatumiza okha. Wamalonda wotereyu akhoza kusindikiza lebulo Lolemba, tsamba n'kunena kuti katundu watumizidwa, chonsecho katoniyo ili patebulo pake mpaka Lachinayi. Mukaona kuti nambala ilipo koma kampani yonyamula ikungoti yalandira uthenga wa phukusi, dziwani kuti phukusi lenilenilo silinafike m'manja mwawo. Sikani yoyamba ya kampani yonyamula ndiyo umboni woti ulendo wayamba. Pansi pa batani logulira pamalembedwa amene akugulitsa ndi amene atumize. Mizere iwiri imeneyo anthu amaidumpha, koma ndi imene imakuuzani amene mudzamufunse zinthu zikavuta.

Dongosolo lomwelo limabweretsanso chinthu china chimene chimadabwitsa anthu. Munthu agula chinthu pa eBay kapena pakasitolo kena ka pa intaneti, koma pakhomo pakufika veni ya Amazon. Sikuti wina waba keyala yake. Wamalondayo amasungitsa katundu ku Amazon n'kuilipira kuti izimutumizira ngakhale maoda ochokera kwina.

Phukusi likachoka m'nyumba yosungiramo katundu limalowa gawo lapakati la ulendo, la mathiraki ndi ndege, ndipo kuno n'kumene kumakhala zii wautali. Limapita kumalo osankhira, kumene maphukusi amagawidwa malinga ndi dera limene akupita. Pano pali chinthu chimene chimamasulira zodabwitsa zambiri za patsamba lolondolera. Maphukusi sawerengedwa limodzilimodzi paliponse. Amaunjikidwa m'ngolo yachitsulo kapena m'katoni yaikulu, ndipo kompyuta imalemba kuti phukusi ili ndi ili alowa m'ngolo yakuti. Ngoloyo ikalowa m'thiraki, imene imawerengedwa ndi barcode ya ngolo. Thiraki ikafika kwina, imene imalembedwa ndi thirakiyo. Ndiye mzere wonena kuti phukusi lanu lafika mumzinda wakuti nthawi zina umangotanthauza kuti thiraki imene kompyuta ikukhulupirira kuti lilimo yafika. Ngati linagwa palamba, kapena munthu analiponya m'ngolo yolakwika, tsamba lipitiriza kukuuzani za ulendo wa ngolo imene mulibe phukusi lanu, mpaka pamalo pamene phukusi lililonse liyenera kuwerengedwa palokha. Pamenepo ndi pamene limaoneka kuti lasowa, ndipo inu mumalandira uthenga woti lachedwa. Nthawi zambiri limapezeka kudepoti ina patapita tsiku limodzi kapena awiri, wina n'kulipanga sikani, ulendo n'kuyambiranso.

Njira imene phukusi limadutsa ikhozanso kukuzunguzani mutu. Limatha kudutsa pafupi ndi kwanu, n'kupitirira mtunda wautali, kenako n'kubwerera. Thiraki siingaime pamsewu kuti itsitse katoni imodzi, imapita kumene kuli malo osankhira. Amazon nayo inaona kuti maulendo otalika akuidyera ndalama, ndipo mu 2023 inagawa dziko la America m'zigawo 8, kuti katundu wambiri azichokera m'chigawo chomwecho chimene kasitomala akukhala.

Malo omaliza ndi depoti ya m'dera lanu. Mathiraki amafika usiku, ndipo anthu ogwira ntchito mpaka mbandakucha amawerenga phukusi lililonse, kulimata kapepala kena kosonyeza njira ya veni, n'kuliika m'chikwama chachikulu pamodzi ndi ena opita m'misewu yoyandikana. M'mawa dalaivala amawerenga zikwamazo n'kuzikweza. Apa tsamba limati "Out for delivery", kutanthauza kuti phukusi lanyamuka kukaperekedwa. Mawuwa ndi odalirika kuposa ena onse a m'mbuyomu, chifukwa phukusi lawerengedwa palokha maola ochepa apitawo. Koma sakutanthauza kuti veni ikubwera kwanu molunjika. Dalaivala mmodzi amakhala ndi makomo oposa 100 patsiku, ndipo ndondomeko yake inakonzedwa ndi kompyuta. Khomo lanu likhoza kukhala lachitatu kapena lomalizira dzuwa litalowa.

Nthawi yokhayo imene mumaona chinthu chikuyendadi ndi pamene pafoni pabwera mapu, veni itatsala ndi makomo pafupifupi 10 kuti ifike kwanu. Ngakhale pamenepo, kadontho kamene mukuona si phukusi lanu. Ndi foni ya dalaivala.

Mzere womaliza, woti katundu waperekedwa, ndi umene umayambanitsa anthu kwambiri. Dalaivala akafika amawerenga barcode, amasankha pafoni pake kumene wasiya phukusi, kaya m'manja mwa munthu, pakhonde kapena kwa oyandikana nawo nyumba, ndipo nthawi zambiri amajambula chithunzi. Pulogalamu yake imayang'ana GPS kuti ione ngati ali pafupi ndi keyalayo. Koma GPS siisiyanitsa khomo 14 ndi khomo 16 pamdadada wa nyumba zogundizana za ku Leeds kapena Luton, ndipo siidziwa kuti m'nyumba yosanja muli mabanja makumi anayi. Dalaivala amene watsitsa maphukusi a makomo atatu nthawi imodzi akhoza kuwasinthanitsa. Wina amadina batani adakali m'veni, n'kupeza kuti geti ndi lokhoma. Amazon yeniyeniyo imalangiza makasitomala kudikira maola 48, chifukwa nthawi zina phukusi limalembedwa kuti laperekedwa lisanafike. Mukakumana nazo, yambani ndi chithunzi. Yang'anani mtundu wa chitseko, chopondera pakhomo, nambala ya nyumba ngati ikuoneka. Nthawi zambiri muzindikira kuti ndi khomo la aneba. Funsani a m'nyumba mwanu, yang'anani kuseri kwa bini ndi malo ena amene dalaivala angabise katundu kuopa akuba. Maola aja akatha, lembani dandaulo kudzera pa oda yomweyo. Ngati Amazon ndiyo inatumiza, imabweza ndalama kapena kutumiza china. Ngati anatumiza ndi wamalonda wina, yambani mwalembera iyeyo kudzera mu akaunti yanu kuti zokambirana zanu zikhale ndi umboni, ndipo akapanda kukuthandizani pali chitetezo chimene Amazon imachitcha A-to-z Guarantee.

Pa katundu wodula, monga foni kapena laputopu, Amazon imatha kukutumizirani nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene dalaivala ayenera kulemba kuti phukusi lilembedwe kuti laperekedwa. Nambala imeneyi ili ndi mphamvu ya siginecha yanu. Musaitchule pafoni kwa munthu amene akuti ali panjira. Itchuleni katoni ili pamaso panu, mutaona kuti sinang'ambidwe. Amene sakhala pakhomo masana angachite bwino kusankha maloka a Amazon, timakabati tokhoma timene mumakatengamo nokha phukusi, amene anayamba mu 2011, kapena sitolo yolandirira katundu. Kumeneko mzere woti katundu wafika sunama kawirikawiri, chifukwa kachitseko ka loka kamalemba kokha pamene katsekedwa. Kungoti mukachedwa masiku angapo osakatenga, katundu amabwezedwa.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sindifuna kuidumpha. Sikani iliyonse imene imakusangalatsani pafoni imalembanso dzina la wantchito amene waipanga ndi nthawi yake. Makina omwewo amene amalondola phukusi ndi amenenso amawerengera zinthu zimene wotola katundu watola pa ola, ndi mphindi zimene wakhala osagwira kanthu. Madandaulo a ogwira ntchito pa liwiro limeneli anafika poti boma la California linakhazikitsa lamulo mu 2021 lokakamiza makampani a nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu kuulula chiwerengero chimene amafuna kwa wantchito, ndi kuletsa chiwerengero chimene chimamulepheretsa kupuma kapena kupita kuchimbudzi. Chaka chomwecho Amazon inayamba kuika makamera oyang'ana madalaivala m'maveni ake ku America. Ndipo dalaivala wovala yunifolomu ya Amazon nthawi zambiri bwana wake si Amazon, ndi kakampani kena kamene kali pa kontirakiti, kamene kamapimidwa ndi manambala omwewo. Abale athu ena ku Britain amagwira ntchito zimenezi, m'madepoti usiku kapena pamsewu. Mukamapereka dandaulo nenani zoona zokhazokha. Kunena kuti katundu sanafike chonsecho munalandira si kuchenjera, chifukwa cholakwacho chimakalembedwa pa dzina la munthu amene ntchito yake ingathe nacho.

Nanga amene ali ku Malawi kapena ku Zambia? Amazon ilibe sitolo yake m'mayiko amenewa. Yapafupi ndi ya ku South Africa, imene inatsegulidwa mu May 2024, ndipo imathandiza amene ali ku Johannesburg, Cape Town ndi madera ena a dzikolo. Zinthu zina za pasitolo ya ku America kapena ku Britain zimatheka kutumizidwa kuno mwachindunji, kudzera m'makampani ngati DHL, koma zambiri zimakanidwa mukangolemba keyala ya kuno, ndipo zimene zaloledwa mtengo wotumizira umatha kuposa wa chinthucho. N'chifukwa chake ambiri amadzera kwa m'bale amene ali kunja, kapena kwa makampani otumiza katundu amene amakupatsani keyala ya ku Britain kapena ku America, n'kusonkhanitsa katundu wa anthu ambiri kuti abwere pamodzi pandege kapena pakontena.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Kwa Amazon, ulendo umathera pakeyala imene munalemba. Tsamba likanena kuti katundu waperekedwa, ndiye kuti wafika pakhomo la wotumiza uja ku London kapena ku Manchester, basi. Nambala ija yatha ntchito, ndipo siidzakuuzaninso chilichonse za ndege, za kasitomu kapena za Lilongwe. Lamulo nalo limaona chimodzimodzi. Ku Britain, lamulo loteteza ogula la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu akasowa kapena kuwonongeka, mlandu ndi wa wogulitsa mpaka katunduyo atafika m'manja mwa wogula kapena mwa munthu amene wogulayo wamusankha kuti amulandirire. Wotumiza uja ndi munthu amene munamusankha inuyo. Akangolandira, Amazon yasamba m'manja. Katoni ikasowa m'nyumba yake yosungiramo katundu, kapena ikaphwanyika pakontena, wokambirana naye ndi iyeyo. Nthawi yobwezera katundu wolakwika, imene pa zinthu zambiri ndi masiku 30, nayo imayamba kuwerengedwa katundu akafika pakeyala ija, ndipo kontena yoyenda panyanja kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam ikhoza kudya nthawi yonseyo musanaone n'komwe kuti anakutumizirani nsapato za saizi ina.

Choncho pali zinthu zingapo zofunika kuumirira. Polemba keyala musaiwale nambala yanu ya ukasitomala imene wotumiza anakupatsani, chifukwa pakhomo pake pamafika makatoni ambirimbiri ofanana, ndipo katoni yopanda nambala imeneyo imakhala yopanda mwini. Mutumizireni nambala yolondolera ya phukusi lililonse, osati ya oda, katundu asanafike. Tsamba la Amazon likangonena kuti waperekedwa, mufunseni tsiku lomwelo kuti atsimikize, ndipo ngati n'kotheka atsegule n'kujambula zam'katimo nthawi yobweza isanathe. Kenako mupemphe nambala yachiwiri, ya ulendo wobwera kuno. Katundu wa pandege amayenda ndi chikalata chokhala ndi manambala 11, ndipo atatu oyambirira amasonyeza kampani ya ndege: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways. Nambala imeneyo mukhoza kuiyang'ana patsamba la kampani ya ndegeyo, ngakhale kuti imanena za mtolo wonse wa wotumizayo, osati katoni yanu yokha. Ndege ikafika pabwalo la Kamuzu kapena la Chileka, katundu amadikira a Malawi Revenue Authority, ku Zambia a Zambia Revenue Authority, kuti aone mapepala ndi kuwerengera msonkho. Pa nthawi imeneyi tsamba silisuntha, ndipo chimene chimafulumizitsa zinthu ndi lisiti ya Amazon yosonyeza mtengo weniweni. Isungeni pafoni kuyambira tsiku logula.

Katundu wina, makamaka wa amalonda aang'ono, amabwera pa positi. Nambala ya positi yodutsa malire ili ndi maonekedwe amene mayiko anagwirizana kudzera m'bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874. Imakhala ndi zilembo ziwiri, manambala 9, ndi zilembo ziwiri za dziko limene katundu wachokera, monga GB, US kapena CN. Nambala yachisanu ndi chinayi ndi yotsimikizira, imawerengeredwa kuchokera pa zisanu ndi zitatu zoyambazo, kotero kuti mukalakwitsa imodzi polemba, kompyuta yoyang'ana imatha kuzindikira kuti nambalayo si yoona. Phukusi lotere limaoneka bwino pamene lili m'dziko lochokera, koma likangokwera ndege zimatengera ngati a positi a dziko lolandira akupanga sikani n'kutumiza uthengawo. Mitundu ina yotsika mtengo yotumizira siilondoledwa n'komwe ikadutsa malire. Mzere womaliza ukhoza kukhala woti lanyamuka, kwa milungu ingapo, chonsecho phukusi lili kale kupositi ofesi kudikira mwini wake. Pitani ndi nambalayo ndi chiphaso mukafunse, osadikira kuti foni ikuuzeni.

Akuba nawo anaphunzira kuti munthu amene akudikira katundu sachedwa kudina linki. Amatumiza mauthenga kwa anthu masauzande nthawi imodzi, onena kuti phukusi lanu laimitsidwa chifukwa keyala ndi yosakwanira, kapena kuti mulipire kandalama kochepa kuti libwerenso. Sadziwa ngati munaodadi kanthu, amangodalira kuti mwa anthu onsewo ena akudikiradi. Kandalama kochepako ndi nyambo, chimene akufuna ndi manambala a khadi lanu la kubanki ndi mawu achinsinsi a akaunti yanu. Uthenga wotere ukabwera musadine chilichonse. Tsegulani nokha pulogalamu ya Amazon, pitani pa maoda anu, muone ngati vutolo lalembedwa pamenepo. Ngati uthengawo ukuti ndi wa DHL kapena kampani ina yonyamula, lembani nokha dzina la tsamba lawo, n'kuikamo nambala imene munapatsidwa pogula, osati imene ili mu uthengawo. Msonkho wa kasitomu umakhala ndi chikalata chosonyeza mmene wawerengedwera ndipo umalipiridwa polandira lisiti, osati potumiza ndalama kunambala ya foni ya munthu amene simukumudziwa.